NDALAMA ZOFUFUZIRA MATENDA A ANA ZIYAMBIRE PATI? PHUNZIRO LA KU KATETE

MWEZI wa Januwale ukafika, mvula itakhazikika ndi mtsinje wa Lutembwe utadzaza, zipatala zazing'ono za m'maboma a Chipata, Chadiza ndi Katete zimalandira ana ambiri odwala malungo ndi otsegula m'mimba. Mai amene mwana wace wayamba kutsegula usiku amagona ndi mitima iwiri. Munda uli kudikira khasu, ndipo cipatala ciri kutali. Akati ayambe waona m'mene kucere, mwana amafooka, maso amalowa m'kati, liwombo nkutsika. Akati abereke mwana anyamuke, ndi ulendo wa maola awiri kapena atatu m'matope, osadziwa ngati mankhwala akawapeza kumeneko.

Cimene cimawawitsa mtima ndi cakuti mankhwala ofunika kwa mwana ameneyu si acilendo iai. Madzi a moyo, aja a shuga ndi mcere woyesedwa bwino, anadziwika zaka zoposa 50 zapitazo. Mu 1971, pa nthawi ya nkhondo ya ku Bangladesh, dokotala wa ku India, Dilip Mahalanabis, anamwetsa madziwa anthu othawa nkhondo amene anagwidwa ndi kolera pa msasa wa Bangaon. Poyamba odwala 30 pa 100 ali onse anali kufa, koma atayamba kumwa madziwo akufa anacepa kufika pa osakwana anai. Mu 2004 mabungwe a WHO ndi UNICEF anaonjezapo langizo lakuti mwana wotsegula m'mimba apatsidwenso mapiritsi a zinki kwa masiku 10 mpaka 14. Zonsezi pamodzi mtengo wace sufika pa wa nkhuku imodzi.

Nanga ngati mankhwala alipo ndipo ngotsika mtengo, mwana aferanji? Funso limeneli liri ndi yankho, koma yankholo silitoleka pa njira. Lifuna anthu ofufuza, lifuna nthawi, lifunanso ndalama. Ndalamazo zimagawidwa m'maofesi a ku Geneva, London, Seattle, Washington ndi Lusaka, kutali ndi Mtenguleni ndi Kagoro. Cimene ogawawo asankha kuikapo ndalama lero ndico cimene mai wa ku mudzi adzapeza, kapena kusowa, pa cipatala zaka khumi zirinkudza.

KAFUKUFUKU NCIANI?

Alimi a m'Cigawo ca Kum'mawa si alendo ku nchito ya kufufuza. Pa Msekera, pafupi ndi tauni ya Chipata, pali malo a Boma pamene akatswiri a za ulimi amayesa mbeu. Amabzala mitundu yosiyana-siyana ya nshawa m'tizigawo toyandikana, naipatsa cisamaliro cofanana, ndipo pokolola amayesa kuti aone mtundu umene wabereka koposa ndi umene wapirira matenda. Nshawa zochedwa MGV4 ndi MGV5 zinatenga maina ao pa Msekera pomwepo.

Koma mlimi ali yense adziwa kuti mbeu yabwino imene yatsalira pa Msekera sidzaza nkhokwe ya munthu. Pafunika kudziwanso ngati mbeuyo idzafika ku mudzi mvula isanagwe, ngati mlimi angakwanitse mtengo wace, ndi ngati amai adzaikonda pa nsinjiro.

Ndi mmenenso ziriri pa umoyo wa ana. Pali mafunso a mitundu itatu amene ofufuza angadzifunse. Mtundu woyamba ndi wofuna cinthu catsopano cimene sicinakhalepo, monga katemera wa matenda amene alibe katemera. Waciwiri ndi wokonza cimene ciripo kale kuti cikhale cosabvuta kumwa, cosaonongeka ndi kutentha, kapena cotsika mtengo. Wacitatu ndi wofuna njira yofikitsira cinthu codziwika kale kwa mwana amene ali kucisowa. Mitundu yonse itatu njofunika, koma yonse imadya m'nkhokwe imodzi.

NKHOKWE NJAING'ONO

Mu 1990 kabungwe ka akatswiri a maiko osiyana-siyana, kochedwa Commission on Health Research for Development, kanawerengera ndalama zonse zimene dziko lapansi linaononga pofufuza za umoyo m'caka ca 1986. Zinali pafupifupi madola a ku America 30 biliyoni. Kabungweka kanapeza kuti pa madola 100 ali onse, asanu okha ndiwo anapita ku mabvuto a maiko osauka, pamene imfa 93 pa 100 ziri zonse zimene zikadapewedwa zinali kucitika m'maiko omwewo. Cifukwa cace sicinali cobisika. Wokhala ndi ndalama amayamba wafufuza matenda a kwao, ndipo makampani opanga mankhwala amayang'ana kumene kuli ogula.

Motero kabungweka kanalangiza kuti dziko liri lonse lipatule magawo awiri pa 100 a ndalama zace za umoyo kuti zikhale za kufufuza, ndi kuti maiko othandiza anzao apatule magawo asanu pa 100 a thandizo lao la za umoyo ku nchito yomweyo.

Patapita zaka 13, mu 2003, nyuzi ya madokotala ya ku Britain yochedwa The Lancet inasindikiza nkhani zimene zinadzidzimutsa atsogoleri ambiri. Zinaonetsa kuti ana oposa 10 miliyoni osakwana zaka zisanu anali kufa caka ndi caka, ndi kuti pafupifupi awiri mwa atatu ali onse akadapulumuka ndi zinthu zodziwika kale: kuyamwitsa, madzi a moyo, maukonde otetezera udzudzu, katemera wa cikuku ndi mankhwala a cibayo, zikadangofika kwa ana onse.

Mu 2007 Jef Leroy ndi anzace anasanthula zopereka za mabungwe awiri akuru-akuru a ku America othandiza kufufuza, la boma lochedwa National Institutes of Health ndi la Bill ndi Melinda Gates. Anapeza kuti pa zopereka 100 ziri zonse zokhudza matenda opha ana m'maiko osauka, 97 zinapita ku nchito yofuna mankhwala ndi zipangizo zatsopano. Zitatu zokha ndizo zinatsalira funso la kafikitsidwe. Anawerengeranso kuti zatsopanozo zikadacepetsa imfa za ana ndi magawo 22 pa 100, pamene zinthu zakale zikadagwiritsidwa nchito mokwanira phindu lace likadaposa pamenepo katatu.

Akulu akale anati fodya wako ndi uyo ali pa mphuno, wa pa cala ngwa mphepo. Mankhwala amene ali m'buku la akatswiri, kapena m'nyumba yosungiramo katundu ku Lusaka, akali pa cala.

MIYESO ISANU

Poona zimenezi, akatswiri a umoyo wa ana anagwirizana zofuna njira yacilungamo yosankhira mafunso oyenera kuyamba kulandira ndalama. Pakati pa 2005 ndi 2007 bungwe la CHNRI, loona za kufufuza umoyo ndi kadyedwe ka ana, linakonza njira yotere motsogozedwa ndi Pulofesa Igor Rudan wa ku Croatia. Kale cosankha cinali kutsata mau a katswiri wochuka kapena wa pakamwa pakuthwa. M'njira yatsopanoyi akatswiri ambiri amalemba mafunso onse amene aganiza kuti ngofunika, nthawi zina mazana angapo, ndipo pambuyo pace ali yense payekha, osaonera mnzace, amayesa funso liri lonse ndi miyeso isanu.

Muyeso woyamba ndi wakuti: kodi funsoli lingayankhidwe, ndiponso mosaononga ulemu ndi moyo wa anthu oyesedwawo? Waciwiri: kodi yankho lace lidzabala cinthu cociza kapena coteteza ndithu? Wacitatu: kodi cinthuco cidzatheka kucifikitsa kwa anthu, pa mtengo umene dziko lingakwanitse caka ndi caka? Wacinai: kodi cidzapulumutsa ana angati? Wacisanu: kodi cidzafika ndi kwa osauka omwe, kapena cidzangokuza mpata pakati pa mwana wa m'tauni ndi mwana wa ku mudzi?

Funso limene lakhoza bwino pa miyeso yonse limakwera pamwamba pa mndandanda. Njirayi isiyanso malo akuti anthu wamba, amene si madokotala, anene muyeso umene kwa iwo uli wolemera koposa, pakuti ndalama za kufufuza zimacokera ku misonkho ndi zopereka za anthu, ndipo ana akufawo ndi ana a anthu.

Mu 2009 akatswiri oitanidwa ndi WHO anayesa motere mafunso a matenda otsegula m'mimba. Ambiri a mafunso amene anakwera pamwamba sanali a mankhwala atsopano. Anali ofuna kudziwa cimene cimaletsa madzi a moyo ndi zinki kufika kwa ana, ndi cimene cingacititse amai kuzilandira ndi kuzigwiritsa nchito bwino. Patangopita zaka zitatu, funso lomweli linayesedwa m'midzi ya ku Katete.

ZIMENE ZINACITIKA KU KATETE

Simon Berry, munthu wa ku Britain amene anagwira nchito ya citukuko ku Mpika m'zaka za m'ma 1980, anaona cinthu cimene cinamkhala pa mtima. Botolo la Coca-Cola linali kupezeka ngakhale m'kantemba ka kumapeto kwa msewu, koma mankhwala opulumutsa mwana osapezeka. Patapita zaka zambiri, iye ndi mkazi wace Jane anayambitsa bungwe la ColaLife ndi ganizo lakuti mankhwala ayende njira yomweyo imene zakumwa zimayenda.

Anakonza kaphukusi kochedwa Kit Yamoyo. M'kati mwace munali timapaketi tisanu ndi titatu ta madzi a moyo, mapiritsi khumi a zinki, kasopo kosambira m'manja ndi kapepala ka malangizo. Kaphukusiko kanapangidwa mwakuti kazilowa m'mipata ya pakati pa mabotolo m'bokosi la zakumwa. Kampani ya Pharmanova ya ku Lusaka ndiyo inali kulongedza, ndipo Unduna wa za Umoyo, UNICEF ndi bungwe la Keepers Zambia Foundation anagwirapo nchito pamodzi.

Kuyesaku kunacitika kwa caka cimodzi, kuyambira mu 2012 kufika mu 2013, m'maboma awiri: Katete kuno kum'mawa ndi Kalomo kum'mwera. Monga pa Msekera amasiya kacigawo kena kuti kakhale kolinganizira, maboma a Petauke ndi Monze anasiyidwa monga analiri, kuti kusiyana kuoneke poyera. Eni tumasitolo ta m'midzi anaphunzitsidwa za matendawa, nayamba kupikula maphukusiwo pa boma ndi kukawagulitsa kwao pa mtengo wa K5 m'ndalama zatsopano za 2013. Pa miyezi yoyamba amai ambiri analandira makuponi otengera kaphukusi kaulere kuti akadziwe.

Zotsatira zace zinali zoonekeratu. Kuyesaku kusanayambe, mwana wotsegula m'mimba amene anali kulandira madzi a moyo pamodzi ndi zinki sanali kukwana ngakhale mmodzi pa 100. Pakutha caka, ku Katete ndi ku Kalomo anali 45 pa 100 ali onse, pamene ku Petauke ndi ku Monze zinthu zinakhala monga kale. Mtunda umene mai anali kuyenda kukafuna mankhwalawa unatsika kucoka pa makilomita 7.3 kufika pa 2.4. Maphukusi oposa 26,000 anatuluka m'tumasitolo m'caka cimeneco.

Panapezekanso zinthu ziwiri zimene munthu wokhala mu ofesi sakadazidziwa. Coyamba cinali ca kukula kwa paketi. Paketi ya madzi a moyo ya masiku onse ndi yosungunula mu lita imodzi ya madzi. Muyeso umenewu ngwoyenera m'cipatala, momwe odwala ali ambiri. Koma pa khomo la ku mudzi mulibe coyesera lita, mwana wamng'ono satha lita pa tsiku, ndipo otsala ayenera kutayidwa tsiku likatha. Timapaketi ta Kit Yamoyo tinali tating'ono, ta mamililita 200, ndipo cotengera cace comweco ndico cinali coyesera madzi ndi comwera. Amai oposa 90 pa 100 anasungunula moyenera, pamene mwa ogwiritsa nchito mapaketi akuru anakhoza ndi 60 okha.

Caciwiri cinadabwitsa eni ganizo eni ace. Mabokosi a Coca-Cola, amene anapatsa nchitoyi dzina ndi mbiri, ogulitsa ambiri sanawagwiritse nchito. Anali kumanga makatoni a mankhwala pa njinga pamodzi ndi shuga, mcere ndi mafuta ophikira. Cimene cinayendetsa mankhwala sicinali mpata wa m'bokosi, koma kaphindu kamene ali yense, kuyambira wopanga mpaka mwini kantemba, anali kupezapo. Ofufuzawo sanaumirire ganizo lao loyamba. Anabvomera zimene anthu a ku Katete ndi ku Kalomo anawaphunzitsa, nasintha kapangidwe ka phukusi kuti mtengo utsike.

Mu 2019 bungwe la WHO linaika madzi a moyo ndi zinki olongedzedwa pamodzi pa mndandanda wace wa mankhwala ofunika koposa, umene maiko ambiri amatsata pogula mankhwala a zipatala zao. Umboni wocokera ku Zambia unali pakati pa zimene zinathandiza kuti zitero. Mai wa ku Katete amene anayankha mafunso a ofufuza pa khonde la nyumba yace anathandiza mwana wa ku dziko limene sadzalipondapo.

Komabe nkhaniyi siyenera kukometsedwa mopitirira. Ana 45 akalandira, ndiye kuti 55 sanalandire. Mu 2013, K5 kwa banja limene nkhokwe yace yatha mu Januwale sinali ndalama yocepa. Muyeso wacisanu uja, wofunsa za osauka, unatsala ndi nchito, ndipo nciani cingafikitse mankhwala kwa otsalawo ndi funso linanso lofuna ndalama.

MAPHUNZIRO ENA A M'DZIKO MUNO

Katete si malo okha m'Zambia amene aonetsa kuti funso looneka laling'ono lingapulumutse ana ambiri. Pakati pa 2001 ndi 2003, pa cipatala cacikuru ca University Teaching Hospital ku Lusaka, Pulofesa Chifumbe Chintu ndi anzace a ku Britain anayesa mankhwala akale otsika mtengo ochedwa cotrimoxazole, amene anthu ambiri amawadziwa ndi dzina lakuti Septrin. Anafuna kudziwa ngati kumwa mankhwalawa tsiku ndi tsiku kungateteze ana okhala ndi kacirombo ka HIV, pa nthawi imene ma ARV anali asanafike kwa ana ambiri. Akatswiri ena anali kukaika, poti tizirombo tambiri m'dera lino tinali titazolowera kale mankhwalawa. Ana oposa 500 analowa m'kuyesaku, ndipo imfa pakati pa omwa mankhwala zinacepa ndi magawo 43 pa 100. Kuyesa kunaimitsidwa nthawi isanakwane kuti ana onse alandire, ndipo mu 2004 WHO ndi UNICEF analangiza maiko onse kucita cimodzimodzi.

Nthawi zina yankho la kufufuza limakhala lakuti iai, ndipo nalonso liri ndi phindu. Ku Nepal, Bangladesh ndi Pakistan kunapezeka kuti kupaka mankhwala a chlorhexidine pa mcombo wa khanda kumacepetsa imfa. Pakati pa 2011 ndi 2013 mankhwala omwewo anayesedwa pa makanda oposa 40,000 m'Cigawo ca Kum'mwera kwa Zambia, ndipo imfa sizinasiyane kweni-kweni ndi za makanda amene mcombo wao unangosungidwa waukhondo ndi wouma. Mbeu yobereka bwino kwa eni ace siibereka cimodzimodzi m'nthaka iri yonse. Dziko likadziwa zimenezi lisanagule, ndalama zace zimapita kumene zingathandize koposa.

ZATSOPANO NAZO NZOFUNIKA

Munthu asamve ngati kufuna mankhwala atsopano ndi kutaya ndalama. Katemera wa rotavirus, kacirombo kamene kamatsegulitsa m'mimba ana ambiri ang'ono, anayamba kuperekedwa m'Cigawo ca Lusaka mu 2012 ndi m'dziko lonse mu 2013, ndipo lero mwana wa ku Chadiza amamlandira ku sikelo mwa madontho a m'kamwa. Akadapanda anthu amene anakhala zaka zambiri m'nyumba zopimira, katemerayo sakadakhalapo.

Koma zatsopano zimadya nthawi. Nchito yopanga katemera woyamba wa malungo inayamba mu 1987. Ana a ku Malawi, Ghana ndi Kenya anayamba kumlandira mwa kuyesa mu 2019, ndipo WHO inambvomereza mu 2021, patapita zaka 34. Ana amene anabadwa nchitoyi ikuyamba anali atakhala kale makolo. Pa zaka zonsezo cimene cinali kupulumutsa ana ku malungo ndi ukonde, kupopera m'nyumba ndi mankhwala ofika msanga. Ndipo katemera akapezeka, funso la ku Katete limabweranso: adzafika bwanji akali wozizira ku cipatala ca kuseri kwa mtsinje, ndipo mai adzabwera naye mwana kangati?

Mlimi wanzeru sadya mbeu yonse, koma salolanso ana kugona ndi njala pamene nkhokwe ya mbeu iri yodzaza. Amagawa. Colakwika cimene Leroy ndi anzace anaonetsa sicinali cakuti zatsopano zinalandira ndalama, koma cakuti zinalandira 97 nkusiyira zinazo zitatu. Wogawa ndalama amene athamangira ciri conse conyezimira akumbukire kuti ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada.

PAMENE ZINTHU ZAFIKA

Zambia yayenda mtunda wautali. Kawerengedwe ka Boma ka za umoyo kanaonetsa kuti mu 1996, pa ana 1,000 obadwa amoyo, 197 anali kufa asanakwanitse zaka zisanu. Mu 2007 anali 119, ndipo mu 2018 anatsika kufika pa 61. Pa dziko lonse lapansi imfa za ana otere zinatsika kucoka pa zoposa 12 miliyoni mu 1990 kufika pa 4.8 miliyoni mu 2023. Maiko anapangana kuti pofika 2030 ciwerengero cisapose 25 pa ana 1,000.

Pamene imfa zacepa, nkhope ya bvuto yasintha. Mwa ana 4.8 miliyoni aja, 2.3 miliyoni anafa asanathe masiku 28, asanatuluke ndi m'cikuta momwe. Ku Zambia mu 2018, pa imfa 61 zija 27 zinali za makanda otere. Amafa cifukwa ca kubadwa masiku asanakwane, kulephera kupuma pobadwa, ndi matenda olowa m'magazi. Ku Lufwanyama, m'Cigawo ca Migodi, kuyesa kwa pakati pa 2006 ndi 2008 kunaonetsa kuti azamba ataphunzitsidwa kupukuta ndi kufunditsa khanda msanga, kulithandiza kupuma, ndi kulitumiza ku cipatala likaonetsa zizindikiro za matenda, imfa za makanda zinacepa ndi magawo 45 pa 100. Unduna wa za Umoyo umalimbikitsa kuti mai ali yense akacirire ku cipatala, ndipo phunziro la ku Lufwanyama ligwira nchito komwekonso: mphindi zoyamba za moyo zifuna manja ophunzitsidwa koposa makina odula.

Nkhokwe nayo yacepa. Mu 2025 boma la America linatseka bungwe lace la USAID, limene kwa zaka zambiri linali kuthandiza nchito za umoyo m'Zambia ndi m'maiko ena, ndipo maiko ena olemera analengezanso zocepetsa thandizo lao. Cakudya cikacepa m'pamene wogawa amafunika nzeru. Dziko la Zambia liri ndi pogwira. Ku Ndola kuli malo ofufuzira matenda a m'maiko otentha amene anayamba mu 1975, ndipo mu 2013 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la kufufuza za umoyo, limene linakhazikitsa bungwe la National Health Research Authority. Imodzi mwa nchito za bungweli ndiyo kundandalika mafunso amene dziko lifuna kuti ayambe kuyankhidwa, kuti mlendo wobwera ndi ndalama apeze eni mudzi atanena kale cimene ciri kuwasowetsa tulo.

MAU A KU MUDZI

Mndandanda wolembedwa ku Lusaka ungakhale woona pokhapo ngati mau a ku mudzi afikako. Pali njira zitatu zimene banja liri lonse lingathandizire.

Yoyamba ndiyo kusabisa imfa ndi matenda a ana. Khanda likamwalira pa mudzi nkuikidwa mwakacetecete ndi amai okha, monga mwa mwambo, osauza a za umoyo, m'mabuku a Boma limakhala ngati silinabadwe. Muyeso wacinai uja umafunsa kuti ana angati, ndipo bvuto losawerengedwa limaoneka laling'ono pamaso pa ogawa ndalama. Mwambo ungasungidwe, ndi wa za umoyo wa m'mudzi nkuuzidwabe.

Yaciwiri ndiyo kulandira ofufuza ndi maso otsegula. Lamulo lifuna kuti kufufuza kuli konse kokhudza anthu kuyambe kwabvomerezedwa ndi kabungwe koona za ufulu wa oyesedwa. Wofufuza woona amadzera kwa amfumu ndi ku cipatala ca m'deralo, amafotokoza m'cinenero ca eni mudzi cimene afuna, ndipo sakakamiza munthu. Kholo liri ndi ufulu wofunsa, wokana, ndi wosiya pakati popanda kutaya thandizo la ku cipatala. Lirinso ndi ufulu wofunsa kuti zopezekazo zidzabwezedwa liti kwa eni ace. Mphekesera za opopa magazi zimatha pamene mafunso afunsidwa poyera pa bwalo, pakuti safunsa anadya phula.

Yacitatu ndiyo kunena zoona pa misonkhano ya makomiti a za umoyo a m'midzi. Ngati cimene cimaletsa mai kupita ku cipatala ndi mlatho wokokoloka, kusowa kwa njinga, kudikira cilolezo ca bambo amene ali ku dimba, kapena kubwerako kawiri wopanda mankhwala, zinenedwe momwemo. Zimenezi si madandaulo cabe. Ndiwo mafunso eni-eni a kufufuza, ofanana ndi lija la paketi ya lita imodzi limene amai a ku Katete anathandiza kuyankha.

Pamene akuru ali kuyesa ndi kugawa, mai uja wa mu Januwale sayenera kudikira. Mwana akayamba kutsegula, apatsidwe madzi a moyo nthawi yomweyo, pang'ono-pang'ono, ndipo apitirize kuyamwa ndi kudya. Zinki amwe tsiku liri lonse mpaka masiku khumi atakwana ngakhale kutsegula kutaleka, piritsi lathunthu kwa mwana wa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, theka kwa wocepera pamenepo. Akaoneka magazi m'cimbudzi, akakana kumwa, akamasanza ziri zonse kapena akalefuka, ulendo wa ku cipatala usagone. Ndipo banja limene lasunga kaphukusi ka madzi a moyo ndi zinki m'nyumba mvula isanayambe, mtsinje ukadzaza usiku fodya wace ali kale pa mphuno.